Misika ya Khirisimasi ku Ulaya

Msika wa Khirisimasi ndi msika wapanja umene umachitika m'nyengo ya Adiventi, kuyambira kumapeto kwa Novembala mpaka pa 23 kapena 24 Disembala. Mwambowu unayambira m'madera olankhula Chijeremani, omwe lero ndi Germany, Austria, mbali ina ya Switzerland ndi chigawo cha Alsace ku France, ndipo kenako unafalikira ku Ulaya konse ndi kumayiko ena akutali. M'dziko la Germany lokha mumachitika misika yotere yoposa 2,500 chaka chilichonse, kuyambira ya tsiku limodzi ya m'midzi mpaka ya m'mizinda ikuluikulu imene imalandira alendo mamiliyoni. Pamisikayi amagulitsa zosemasema, zidole, zokongoletsera za galasi, makandulo, zoumbaumba, zoluka, zakudya ndi vinyo wotentha, ndipo malonda amachitikira m'timanyumba ta matabwa timene timamangidwa pabwalo la pakati pa mzinda n'kuphwasulidwa nyengoyo ikatha.

M'mayikowa Disembala ndi mwezi wozizira kwambiri, ndipo dzuwa limalowa cha m'ma 4 koloko madzulo. N'chifukwa chake nyali, makandulo ndi zakumwa zotentha zili ndi malo aakulu pamisikayi.

Mayina

M'Chijeremani dzina lofala ndi Weihnachtsmarkt, kutanthauza msika wa Khirisimasi. Kummwera kwa Germany ndi ku Austria amati Christkindlmarkt kapena Christkindlesmarkt, kutanthauza msika wa Khristu wakhanda, ndipo ku Alsace amati Christkindelsmärik. Afalansa amati marché de Noël. Mizinda ina ili ndi mayina akeake, monga Striezelmarkt ku Dresden ndi Wenzelsmarkt ku Bautzen.

Chiyambi

Misika yoyamba sinali ya mphatso. Inali yoti anthu a m'tauni agule nyama, zovala zofunda, ziwiya ndi zina zofunika chisanu chisanafike poipa. Kalelo msika sunkangoyambika chisawawa, pankafunika chilolezo cha mfumu kapena kalonga wa dera, ndipo makalata a zilolezozo ndi amene amasonyeza zaka za misikayi. Mzinda wa Vienna unalandira chilolezo cha msika wa mu Disembala kwa Albrecht I chakumapeto kwa zaka za m'ma 1200. Mu 1384 Mfumu Wenzel inalola mzinda wa Bautzen kuchita msika wa nyama, ndipo msika wa ku Frankfurt umatchulidwa m'zolembedwa za mu 1393. Mu 1434 kalonga Friedrich II wa ku Saxony analola anthu a ku Dresden kuchita msika wa tsiku limodzi pabwalo la Altmarkt, wogulitsa nyama ya phwando la Khirisimasi. Mizindayi imalimbirana ulemu wokhala ndi msika wakale kuposa yonse, ndipo mkanganowo sutha chifukwa umadalira chimene munthu akuchitcha msika wa Khirisimasi. Wa ku Vienna ndi wa ku Bautzen inali misika wamba ya nyengo yozizira, pomwe wa ku Dresden unali wolunjika pa phwandolo.

Nyama inali nkhani yaikulu chifukwa Adiventi inali nyengo yosala zakudya zina, monga mmene ilili nyengo ya Lenti. Ngakhale buledi wa ku Dresden wotchedwa Striezel kapena Stollen, amene anapereka dzina ku msikawo, poyamba ankaphikidwa wopanda batala. Mu 1491 Papa Innocent VIII anatumiza kalata yolola kuti batala azigwiritsidwa ntchito, ndipo m'kupita kwa nthawi buledi wosakoma uja anasanduka keke yonona ya zipatso zouma ndi shuga imene imadziwika lero.

Pang'onopang'ono amisiri anayamba kuloledwa kuyala katundu wawo: oumba mbiya, oluka madengu, osema zidole, ophika makeke a uchi. Mabungwe a amisiri a mumzinda ndi amene ankalamula za yemwe angagulitse, ndipo nthawi zambiri ankatsekereza alendo.

Kusintha kwa chipembedzo

Chikatolika chisanagawikane, ana ankalandira mphatso pa 6 Disembala, tsiku la Nicholas Woyera, ndipo misika yambiri inkachitika tsikulo lisanafike. Martin Luther ndi otsatira ake sankafuna kuti oyera mtima azilemekezedwa motero, choncho analimbikitsa zoti mphatso zizibwera pa Khirisimasi penipeni m'dzina la Khristu wakhanda. Ku Strasbourg, msika wa Nicholas Woyera unathetsedwa mu 1570 mlaliki wina wa Chipulotesitanti atadzudzula mwambowu, koma amalonda sanaletsedwe kugulitsa. M'malo mwake kunakhazikitsidwa Christkindelsmärik, umene ulipo mpaka lero ndipo ndi msika wa Khirisimasi wakale kwambiri ku France. Kusamutsa tsiku la mphatso kunatalikitsa nyengo ya malonda, ndipo kunachititsa kuti zidole ndi zotsekemera zikhale katundu wofunika pamsika.

Amisiri a kumapiri

Katundu amene amadziwitsa misikayi sachokera m'mizinda imene imagulitsa. Wambiri amachokera m'midzi ya kumapiri, kumene nthaka ndi yosabereka, chisanu n'chachitali, ndipo anthu anaphunzira luso la manja chifukwa cha umphawi.

Chitsanzo chachikulu ndi mapiri a Erzgebirge, pamalire a Saxony ndi Czech Republic. Dzinali limatanthauza mapiri a miyala ya mtapo. Siliva anapezeka kufupi ndi Freiberg mu 1168, ndipo kwa zaka mazana ambiri anthu a kumeneko ankakhalira migodi ya siliva, tini ndi zitsulo zina. Mtapo utayamba kuchepa, mabanja a m'midzi monga Seiffen anatembenukira ku mitengo imene inawazungulira. Mphero za madzi zimene zinkaphwanya miyala zinasinthidwa kuti zizizunguza makina osemera matabwa. Poyamba ankapanga mbale, mabatani ndi ziwiya zina za m'nyumba, kenako zidole. Ntchitoyi inali ya banja lonse: bambo pamakina, mayi ndi ana akusalaza, kumata ndi kupaka utoto mpaka usiku. Phindu lalikulu linkapita kwa amalonda apakati amene ankagula zidolezo motchipa n'kukazigulitsa ku Dresden, Leipzig ndi Nuremberg.

Cha m'ma 1800 amisiri a ku Seiffen anatulukira njira yotchedwa Reifendrehen, imene sipezeka kwina kulikonse. Mmisiri amatenga chipika chachiwisi cha mtengo wofewa, n'kuchisema pamakina ozungulira mpaka chikhale ngati nkhata. Ukaiyang'ana nkhatayo suona chilichonse, koma akaidula m'zidutswa zopyapyala, chidutswa chilichonse chimatuluka chili ndi maonekedwe a hatchi, ng'ombe kapena njovu. Nkhata imodzi imatulutsa nyama makumi angapo, zimene kenako amazisalaza ndi mpeni. Luso lake lagona poti mmisiri saona chimene akusema mpaka atadula, ndipo akalakwitsa pang'ono ndiye kuti nyama zonse za m'nkhatamo zapunduka. Njirayi inathandiza kuti zidole za chingalawa cha Nowa, zokhala ndi nyama zambirimbiri, zitsike mtengo n'kumagulitsidwa mpaka ku Britain ndi ku America.

Zosema za ku Erzgebirge zimakumbutsabe za migodi. Schwibbogen ndi choikapo makandulo chooneka ngati uta, chimene amachiika pawindo. Chakale kwambiri chimene chikudziwika chinasulidwa ndi chitsulo ku Johanngeorgenstadt mu 1740, ndipo za matabwa zinabwera pambuyo pake. Munthu wa mumgodi m'nyengo yozizira ankalowa pansi kusanache n'kutuluka kutada, kotero kuti ankatha masabata osaona dzuwa, ndipo kuwala kwa pawindo kunali ndi tanthauzo lalikulu kwa iye. Palinso zidole ziwiri zoyenda pamodzi, munthu wa mumgodi ndi mngelo, zonse zitanyamula makandulo. Piramidi ya Khirisimasi ndi nsanja ya matabwa yokhala ndi zipupa zozungulira pamwamba. Kutentha kwa makandulo kumakwera n'kuzunguza zipupazo, ndipo tizidole ta pansi timayenda mozungulira. Ya pamsika wa ku Dresden ndi yotalika mamita oposa 14. Räuchermann ndi kachidole kobowoka m'kati, kamene amaikamo lubani woyaka kuti utsi uzitulukira pakamwa ngati munthu wosuta kaliwo.

Chodziwika kwambiri kunja ndi chidole choswera mtedza, chimene Wilhelm Füchtner wa ku Seiffen anayamba kupanga chambiri cha m'ma 1870. Chimakhala mfumu, msilikali kapena wapolisi wa nkhope yolusa ndi mano apamtunda. Anthu a kumeneko amati apa panali nthabwala ya osauka, yoti akuluakulu amene ankawalamula nawonso agwireko ntchito yolimba yoswa mtedza ndi mano. Zidole zosuta zija, mosiyana ndi izi, zimakhala anthu wamba monga abusa, osaka nyama ndi ogulitsa malonda oyendayenda.

Pa nthawi ya boma la East Germany, malo ambiri osemera anaikidwa m'makopaletivi kapena kulandidwa ndi boma, ndipo katundu wabwino ankatumizidwa kunja kuti dziko lipeze ndalama zakunja, moti nzika zake zinkavutika kumupeza. Pambuyo pa 1990 mabanja ambiri anabwezeredwa malo awo. Mu 2019 bungwe la UNESCO linaika dera la migodi la Erzgebirge, mbali ya Germany ndi ya Czech yomwe, pamndandanda wa malo a mbiri yofunika padziko lonse.

Nkhani ya ku Lauscha, m'nkhalango ya Thuringia, ndi yofanana. Fakitale ya galasi inakhazikitsidwa kumeneko mu 1597 ndi Hans Greiner ndi Christoph Müller. M'zaka za m'ma 1840 amisiri ouzira galasi, omwe ankapanga mikanda, anayamba kupanga timipira tokolowekera pa mtengo wa Khirisimasi. Gasi atafika m'tauniyo mu 1867, lawi la moto linakhala lotentha ndi lokhazikika, ndipo anatha kuuzira mipira ikuluikulu yopyapyala n'kuipaka siliva m'kati. Kuyambira m'ma 1880, F. W. Woolworth ankaitanitsa mipirayi yambirimbiri kukagulitsa m'masitolo ake ku America. Mpaka lero Lauscha imachita msika wake wa mipira ya galasi m'nyengo ya Adiventi.

Nyenyezi ya Herrnhut, yokhala ndi nsonga 25, inachokera m'sukulu zogonera komweko za mpingo wa Moravian, kumene ana ankaipanga ndi mapepala pophunzira masamu a maonekedwe a zinthu. Pieter Hendrik Verbeek anayamba kuipanga yogulitsa mu 1897. Ku Val Gardena, m'mapiri a kumpoto kwa Italy, alimi ankasema ziboliboli za oyera mtima ndi zidole m'miyezi imene sakanatha kulima.

Nuremberg

Msika wa ku Nuremberg ndi umene anthu ambiri amautenga ngati chitsanzo. Umboni wake wakale ndi kabokosi ka matabwa kolembedwa chaka cha 1628, kamene kakusungidwa ku Germanisches Nationalmuseum. Msikawu uli ndi timanyumba pafupifupi 180 ta madenga a nsalu ya mizere yofiira ndi yoyera, ndipo umalandira alendo pafupifupi 2 miliyoni pachaka. Umatsegulidwa Lachisanu loyandikira Lamulungu loyamba la Adiventi, pamene mtsikana wovala zagolide, wotchedwa Christkind, amalankhula kuchokera pakhonde la tchalitchi cha Frauenkirche. Kuyambira mu 1969 mtsikanayu amasankhidwa zaka ziwiri zilizonse pakati pa atsikana a mumzindawo a zaka 16 mpaka 19.

Mwambo wotsegulirawu umaoneka wakalekale koma si choncho. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 misika ya Khirisimasi inali itatsika ulemu. Masitolo akuluakulu anali atayamba kugulitsa zidole za m'fakitale, ndipo eni masitolowo ankaona misika yapanja ngati yotsekereza misewu ndi yolanda makasitomala. Msika wa ku Nuremberg unachotsedwa pabwalo la Hauptmarkt mu 1898 n'kumangosamutsidwa uku ndi uku. Amene anaubwezera pabwalolo mu 1933 anali akuluakulu a chipani cha Nazi, omwe ankafuna kuonetsa Nuremberg ngati nkhokwe ya chikhalidwe cha Chijeremani, ndipo mwambo wa Christkind wa pakhonde unayamba chaka chomwecho. Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse msikawu unaima. Unayambiranso mu 1948 pakati pa mabwinja a mzinda wophulitsidwa ndi mabomba, ndi mawu otsegulira atsopano.

Katundu wodziwika wa kuno ndi Lebkuchen, keke ya uchi, mtedza ndi zonunkhiritsa, imene dzina lake ndi lotetezedwa ndi malamulo a European Union, kotero kuti yophikidwa kunja kwa mzindawo singatchedwe ya ku Nuremberg. Pali masoseji ang'onoang'ono otalika ngati chala, amene amaikidwa atatu m'banzi limodzi, angelo a chitsulo chopyapyala chonyezimira, ndi tizidole topangidwa ndi zipatso zouma ndi mutu wa mtedza. Ku Dresden kachidole kofanana nako kamatchedwa Pflaumentoffel, ndipo kamaimira ana amene ankalowetsedwa m'machumuni kukachotsa mwaye. Ana a m'mabanja osauka ndi amene ankagulitsa tizidoleti pamsika, ataimirira pachisanu, mpaka mchitidwewu unaletsedwa mu 1910.

Kummwera ndi kummawa

M'mayiko a Chikatolika a kummwera kwa Ulaya, misika ya nyengoyi inakulira pa khola la Khirisimasi, chifanizo cha kubadwa kwa Yesu chimene mabanja amayala m'nyumba. Ku Barcelona, Fira de Santa Llúcia imachitika kutsogolo kwa tchalitchi chachikulu ndipo imatchulidwa kuyambira mu 1786. Pakati pa tiziboliboli togulitsidwa kumeneko pali caganer, kamunthu konjuta kakudzithandiza, kamene Akatalani amakabisa pakona ya khola ndipo saona kuti n'chipongwe. Ku Marseille msika wa santons unayamba mu 1803. Santons ndi tiziboliboli ta dothi timene tinafala matchalitchi atatsekedwa pa nthawi ya kuukira boma ku France, anthu atayamba kuyala makola m'nyumba zawo. Jean-Louis Lagnel ndi amene anayamba kutiumba pogwiritsa ntchito zikombole, ndipo pambali pa banja loyera anaikapo anthu a m'mudzi wa ku Provence: wogaya ufa, wogulitsa nsomba, wonola mipeni. Ku Naples, msewu wa San Gregorio Armeno uli ndi amisiri a makola amene amagwira ntchito chaka chonse.

Ku Kraków m'dziko la Poland, amisiri omanga nyumba amene ankasowa ntchito m'nyengo yozizira ankapanga szopka, makola ooneka ngati nsanja za matchalitchi a mzindawo, okutidwa ndi mapepala onyezimira. Mpikisano wa szopka unayamba mu 1937 ndipo umachitika Lachinayi loyamba la Disembala. UNESCO inavomereza mwambowu mu 2018. Misika ikuluikulu ya ku Budapest ndi Bolzano, monga mmene ilili lero, inayamba m'zaka za m'ma 1990, motengera chitsanzo cha Chijeremani.

Kayendetsedwe ndi mkangano wa katundu

Misika yambiri imayendetsedwa ndi makhonsolo a mizinda, ina ndi makampani kapena mabungwe a amalonda. Ofuna malo amalembetsa miyezi yambiri nyengo isanafike, ndipo pamisika yotchuka olembetsa amachuluka kuposa malo. Kwa mmisiri wa zokongoletsera za Khirisimasi, masabata anayi amenewa ndiwo amabweretsa gawo lalikulu la ndalama za chaka chonse, kotero kumanidwa malo kapena kugwa kwa mvula kumapeto a sabata ndi vuto lenileni.

Komabe ndalama zambiri pamsika sizichokera ku zosemasema. Zimachokera ku zakudya ndi Glühwein, vinyo wofiira wotenthetsedwa pamodzi ndi sinamoni, zonunkhiritsa zina ndi makoko a malalanje. Wogula amalipira chikole cha kapu, ndipo amabwezeredwa akabweza kapuyo, ngakhale ambiri amapita nayo kwawo ngati chikumbutso. Munthu akhoza kumwa makapu atatu usiku umodzi, koma chidole choswera mtedza amagula kamodzi pa zaka zambiri. Pachifukwachi makhonsolo ambiri amalipiritsa ogulitsa zakumwa lendi yokwera kuposa amisiri, ndipo ena amasungira amisiri malo apadera, podziwa kuti popanda iwo msikawo ungasanduke malo omwera mowa chabe.

Vuto lina ndi katundu wa m'fakitale. Zokongoletsera za Khirisimasi zambiri padziko lonse zimapangidwa ku China, makamaka m'dera la mzinda wa Yiwu, ndipo zina zimatengera maonekedwe a za ku Erzgebirge n'kumagulitsidwa pamtengo wotsika kwambiri. Mlendo wosadziwa sangasiyanitse msanga. Bungwe la amisiri a ku Erzgebirge lili ndi chizindikiro chake chimene mamembala amaika pa katundu wawo, ndipo lakhala likusumira otengera. Khonsolo ya Nuremberg imaletsa nkhata zokongoletsera za pulasitiki ndi nyimbo za pawailesi zosalekeza, ndipo chaka chilichonse imapereka mphoto kwa eni timanyumba tokongoletsedwa bwino. Mu 2022 khonsolo ya Strasbourg inatulutsa mndandanda wautali wa katundu woletsedwa pamsika wake, ndipo panabuka phokoso chifukwa anthu sanagwirizane za chimene chili cha Khirisimasi ya ku Alsace ndi chimene sichili. Pambali pa zonsezi, malo ambiri osemera akusowa achinyamata ofuna kuphunzira ntchito imene imatenga zaka kuti munthu aidziwe koma malipiro ake ndi ochepa.

Kunja kwa madera a Chijeremani

Ku Britain, msika wa ku Lincoln unayamba mu 1982 potengera wa mzinda wa Neustadt an der Weinstraße, koma unathetsedwa mu 2023 khonsolo itaona kuti khamu lachuluka moika miyoyo pachiswe m'misewu yopapatiza. Wa ku Birmingham umayendetsedwa mogwirizana ndi mzinda wa Frankfurt ndipo wakhala ukuchitika pafupifupi chaka chilichonse kuyambira mu 2001. Ku America, Christkindlmarket ya ku Chicago inayamba mu 1996 motengera Nuremberg, ndipo ku Japan mzinda wa Sapporo uli ndi msika wotengera wa ku Munich kuyambira mu 2002. Amalonda ena a pamisikayi amachokera ku Germany komweko chaka chilichonse.

Chitetezo ndi miliri

Chifukwa misikayi imasonkhanitsa anthu ambiri pamalo osatchinga, yakhala ikuchitidwa chiwembu. Pa 19 Disembala 2016 munthu wina analowetsa lole mumsika wa pa Breitscheidplatz ku Berlin, ndipo anthu 12 anafa, wina anamwalira patapita zaka chifukwa cha mabala. Pa 11 Disembala 2018 anthu asanu anaphedwa pafupi ndi msika wa ku Strasbourg, ndipo pa 20 Disembala 2024 galimoto inagunda khamu ku Magdeburg n'kupha anthu asanu ndi mmodzi. Kuchokera mu 2016 misika ikuluikulu imazunguliridwa ndi zotchinga za konkire kapena zachitsulo, ndipo apolisi amachuluka. Ndalama zolipirira chitetezochi zimalemera kwambiri misika ing'onoing'ono ya m'matauni.

Mliri wa COVID-19 unatseketsa misika yambiri mu 2020. Wa ku Nuremberg sunachitike chaka chimenecho, koyamba kuchokera pamene unayambiranso nkhondo itatha, ndipo mu 2021 unaletsedwanso kutangotsala masiku ochepa kuti utsegulidwe, timanyumba titamangidwa kale ndipo katundu atagulidwa. Amisiri ambiri anayamba kugulitsa pa intaneti m'zaka ziwirizo, ndipo misika inatsegulidwanso mu 2022.